Build ndi yathu, patch ndi yawo

Mu June 2000 kampani ya Blizzard inatulutsa Diablo II. Wosewera anali kusankha mmodzi mwa ankhondo asanu: Amazon, Barbarian, Necromancer, Paladin kapena Sorceress. Ukakwera levo imodzi, unali kulandira poyinti imodzi ya luso ndi zisanu za mphamvu za thupi. Kagawidwe ka mapoyinti amenewa ndi kamene timatcha build. Ukaika poyinti pamalo olakwika, basi yapita. Njira inali imodzi chabe, kuyambanso wankhondo watsopano pa levo 1.

Mu October 2003 kunabwera patch 1.10. Luso lina linayamba kuwonjezera mphamvu ku luso linzake, ndipo zilombo za m'magawo ovuta zinalimba. Paladin woponya Blessed Hammer, uja timamutcha Hammerdin, anakhala mfumu, pamene ma build ambiri akale anasanduka nkhuli yopanda mano. Munthu amene anataya miyezi kulera wankhondo wake anadzuka n'kupeza kuti sakupha kanthu. Mwayi wobweza mapoyinti unabwera mu March 2010 ndi patch 1.13, gemu itatsala pang'ono kukwanitsa zaka 10.

Kuno ku Lusaka mkuntho umenewu unali kutifika mochedwa, nthawi zina osafika n'komwe. Intaneti inalowa m'Zambia mu 1994 kudzera ku ZAMNET pa UNZA, koma kwa zaka zambiri inali ya m'maofesi ndi m'ma cafe olipira pa mphindi. Ife a ku Woodlands, Kabwata ndi Chelstone magemu anali kutipeza pa disiki kapena pa flash ya mnzathu, ndipo gemu inali kukhala mmene yabwerera. Build ikakhala yamphamvu, inali yamphamvu mpaka kompyuta kufa. Mkangano unali kubuka pamene awiri akukamba za gemu imodzi koma ya patch zosiyana, aliyense akulumbira kuti mnzake ndi wabodza.

Manje zinthu zinatembenuka. Kulakwitsa poyinti sikuopsanso: mu Elden Ring, imene inatuluka mu February 2022, umapita kwa Rennala ndi Larval Tear n'kugawanso mapoyinti ako. Chimene chikuopsa ndi chakuti gemu yeniyeniyo siikhala malo amodzi. Ambiri anamanga build yonse pa lupanga la Rivers of Blood, ndiye mu August 2022 patch 1.06 inalichepetsa ukali. Mu July 2023 patch 1.1.0 ya Diablo IV inafooketsa ankhondo amitundu yonse, osewera anakwiya, mpaka akuluakulu a gemuyo anabwera poyera kulonjeza kuti sadzatulutsanso patch yotero.

Opanga magemu ali ndi chifukwa chawo. Aliyense akanyamula lupanga limodzi, mazana a zida zina amangokhala zokongoletsa, ndipo kumenyana pa intaneti kumatopetsa. Koma mtengo wa kusinthaku sufanana kulikonse. Ife patch timaigula ndi bundle. Build timaimanga m'maola ochepa amene malaiti alipo, makamaka chaka ngati 2024 pamene madzi anachepa ku Kariba, magetsi n'kumasowa pafupifupi tsiku lonse. Milungu itatu yotolera zida ikafafanizidwa ndi mzere umodzi wa patch, imawawa kwambiri kuno.

Mbiri imeneyi ikutipatsa malangizo atatu. Tisanakope build pa YouTube, tione deti la vidiyo ndi nambala ya patch. Tisanathire bundle, tiwerenge zimene asintha, pakuti amazilemba poyera. Ndipo tiphunzire chifukwa chimene build imagwirira ntchito, osati kuloweza mndandanda wa zida chabe. Wodziwa mmene magazi amachulukira pa mdani mu Elden Ring anangosintha lupanga patch itabwera. Woloweza anayamba kudikira vidiyo ina.