Duwa Lowawa Limene Linasintha Mbiri ya Mowa

Mowa wamasese sukhalitsa. Ukapsa uyenera kumwedwa m'masiku owerengeka, apo ayi umasasa. Mowa wa ku Ulaya nawonso unali wotero kwa zaka mazana ambiri, kufikira ofulula atazindikira mphamvu ya chomera choyanga chotchedwa hops.

Chimene ofulula amafuna pa chomerachi ndi maluwa a mbewu yaikazi, momwe muli ufa wachikasu wonanda. Maluwawa akawira nthawi yaitali m'madzi a chimera amatulutsa kuwawa kumene kumachepetsa kutsekemera ndi kufooketsa tizilombo tosasitsa mowa. Akathiridwa kumapeto, moto uli pafupi kuzima, amasiya fungo lokha.

M'chaka cha 822 Adalhard, mkulu wa nyumba ya amonke ya Corbie ku France, anatchula hops m'malamulo a nyumbayo. M'zaka za m'ma 1100 Hildegard wa ku Bingen analemba kuti kuwawa kwake kumateteza zakumwa kuti zisaonongeke. Nthawi imeneyo ambiri ankakometsera mowa ndi zitsamba zosakaniza zotchedwa gruit, zimene mafumu ndi mabishopu ankadulirapo msonkho. Koma mowa wa hops unkapirira ulendo, choncho mizinda ya Bremen ndi Hamburg inalemera poutumiza pa zombo kumaiko ena. Pofika 1516 lamulo la ku Bavaria linati mowa uzifululidwa ndi balere, hops ndi madzi basi.

Komabe m'zaka za m'ma 1900, makamaka ku America, makampani akuluakulu anayamba kuthira hops wochepa kuti mowa ukhale wopepuka, wokomera aliyense. Duwalo linasanduka wantchito wosaonekera.

Zinthu zinatembenukira m'minda ya kafukufuku ku Oregon. M'chaka cha 1972 akatswiri a boma, mogwirizana ndi Oregon State University, anatulutsa mtundu watsopano wotchedwa Cascade, wa fungo longa la manyumwa. Makampani ambiri akuluakulu, amene anazolowera fungo lofatsa la hops wa ku Germany ndi ku Bohemia, sanautengeke nawo mtima. Anautola ndi ofulula ang'onoang'ono. Fritz Maytag wa Anchor ku San Francisco anauthira mu Liberty Ale mu 1975, ndipo mu 1980 Ken Grossman ndi Paul Camusi anayamba kufulula Sierra Nevada Pale Ale ku Chico, kunyadira kuwawa ndi fungo zimene ena ankabisa. Mowa wa ofulula odziimira paokha, umene umatchedwa craft beer, unakulira pa maziko amenewa. Kuyambira pamenepo womwa anayamba kufunsa dzina la hops monga mlimi afunsira mtundu wa mbewu.

Hops amakonda maiko otalikira equator, kumene dzuwa la chilimwe limachedwa kulowa. Nchifukwa chake salimidwa m'madera ambiri a Africa. Malo odziwika ndi a ku George, m'chigawo cha Western Cape ku South Africa, kumene ulimiwu unakhazikika m'zaka za m'ma 1930. Poona kuti masana akumeneko ndi aafupi, akatswiri anabereketsa mitundu yozolowera nyengoyo, monga Southern Passion ndi African Queen, ndipo fungo lake la zipatso linakopa ofulula ang'onoang'ono mpaka kutsidya kwa nyanja.

Apa ndi pamene panaonekera kufooka kwa ofulula oterewa. Minda ndi mitundu ya ku George zinali m'manja mwa SAB, ndipo mu 2016 kampani ya AB InBev inagula SABMiller. M'chaka chotsatira ofulula a ku America anamva kuti sagulitsidwanso hops ameneyu. Kampaniyo inati zokolola zinachepa. Ofulula ambiri anaona kuti wopikisana naye wawatsekera nkhokwe. Amene anamanga mbiri ya mowa wawo pa mitundu imeneyi anayenera kusintha kafululidwe.

Kale mphamvu inali ndi wodula msonkho wa gruit. Lero ili ndi mwini munda ndi mwini mbewu. Wofulula wamng'ono angakhale ndi luso lotani, ufulu wake umalekeza pamene payambira mpanda wa munda wa wina.