Panjinga kuchokera pa Chipyela

Achimwene amene anandibwereka njinga pa Mbamba anandichenjeza zinthu ziwiri: mabuleki akumbuyo ndi ongoyerekeza, komanso ndisadzinamize kuti chilumba n'chaching'ono. Ine ndinangoseka. Likoma kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 8 basi, ndiye munthu woti ndinkapalasa zitunda za ku Zomba ndili pasukulu ndinaona ngati pofika nkhomaliro ndikhala nditathana nazo. Dzuwa linapendeka ndisanamalize, ndipo theka la ulendowo njinga ndinkachita kukankha.

Ndiyambe ndi langizo. Ngati muli ndi njinga yamatayala owonda ija ya mpikisano, isiyeni kumtunda. Misewu yambiri kuno ndi yadothi, pena mchenga wotitimira, pena miyala yoti tcheni chimalira. Ikufunika ya matayala onenepa, pampu, madzi okwanira, ndi kunyamuka m'mamawa. Koma ubwino wa njinga ndi womwewo: imakuchedwetsa. Pa njinga yamoto mbiri ya chilumbachi umangoidutsa ngati fumbi. Ukamapalasa, chitunda chilichonse umachimva m'miyendo, ndipo umayamba kufunsa kuti amene anakwera pano patsogolo pako anasenza chiyani.

Kuchoka pamsika wa Mbamba n'kukwera pang'ono, umafika pa Chipyela. Dzinali tanthauzo lake ndi malo owotcherapo. Apa ndi pamene anthu oganiziridwa kuti ndi mfiti ankatenthedwa. Pamalo pomwepo lero paima tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chotalika mamita pafupifupi 100, chimene mabuku a zokopa alendo amakonda kuchiyerekeza ndi cha ku Winchester ku England. Ukachiona koyamba, pakati pa malambe ndi minda ya chinangwa, umadabwa kuti chinafika bwanji pano.

Nkhani yake inayambira kutali. Mu December 1857 David Livingstone analankhula ku Cambridge, ndipo mawu akewo anabala bungwe la amishoni a Anglican lotchedwa UMCA. Anayesa ku Magomero mu 1861, koma zinthu sizinayende: Bishopu Charles Mackenzie anamwalira kumayambiriro kwa 1862, ndipo mishoniyo inasamukira ku Zanzibar. Patapita zaka pafupifupi 20 anabwereranso kunyanja kudzera kummawa, motsogozedwa ndi William Percival Johnson. Mnzake, Charles Janson, anafera m'mbali mwa nyanja mu 1882, ndipo sitima yoyamba ya mishoniyo inatenga dzina lake. Chapakati pa zaka za m'ma 1880 anakhazikika pa Likoma, ndi chilolezo cha mfumu Chiteji ya kutsidya.

N'chifukwa chiyani anasankha chilumba chamiyala, chopanda nthaka yabwino? Kumtunda kunali kosagoneka. Angoni ankathira nkhondo midzi ya m'mbali mwa nyanja, ndipo zombo za akapolo zinkawoloka kuchokera kwa Jumbe ku Nkhotakota. Pachilumba panali pobisalira, panalinso gombe labwino loimikapo sitima. Kwa amishoniwo msewu weniweni unali nyanja. Nyanja yomweyo inamiza Chauncy Maples pa 2 September 1895, miyezi iwiri yokha atadzozedwa ubishopu, ali paulendo wobwerera ku Likoma. Manda ake ali ku Nkhotakota.

Mwala wamaziko wa tchalitchichi anauika ndi Bishopu Gerard Trower mu January 1903. Wojambula pulani anali Frank George. Anayamba kupemphereramo mu 1905, ndipo chinapatulidwa mu November 1911. M'kati muli mipando yosemedwa pamwala wofewa, magalasi amitundumitundu, komanso mtanda wopangidwa kuchokera ku mtengo wa ku Chitambo, m'Zambia, pamene anakwirira mtima wa Livingstone mu 1873. Zonsezi amene amakuonetsa malowa amazinena pamtima, mayina ndi zaka zomwe. Ndinamvetsera, ndinajambula, kenako ndinakwera njinga kulowera kumpoto.

Njira ya ku Makulawe ndi yokwera ndi kutsika, ndipo ikafuna imakuponyera mumchenga mosachenjeza. Umadutsa malambe akuluakulu, mbuzi, ana akusukulu, ndi usipa woyanika kugombe. Ana amakuthamangira, akulu amakupatsa moni m'Chinyanja chawo cha kuno, chimene khutu la ku Lilongwe limayamba laima kaye. Chinyanja chimenechi ndi chomwe Johnson, munthu woti maso ake anali atawonongeka ndi matenda, anamasuliramo Baibulo. Midzi imene umadutsayi ndi imene inadzaza sukulu za mishoni, mpaka Likoma inatchuka kuti ndi kwa anthu odziwa kulemba ndi kuwerenga. Poti nthaka inali yosadyetsa, maphunzirowo anakhala chiphaso chotulukira: aphunzitsi, makalaliki ndi amisiri a kuno anabalalikira ku Tanganyika, ku Rhodesia mpaka ku Joni.

Mishoni yomweyi inatulutsa Leonard Kamungu, wa ku Chia kutsidya la Mozambique, amene anadzozedwa unsembe mu 1909 n'kukafera ku Msoro, kummawa kwa Zambia, mu 1913. Ku Zomba kuli koleji ya zaubusa yotchedwa dzina lake. Zaka 4 ndinkamva dzinali tsiku ndi tsiku osadziwa kuti mizu yake ili kunyanja kuno. Manyazi ake, aise.

Masana ndinatembenukira kummwera, njira ya ku Nkhwazi. Apa ndiye pamene chenjezo lija linandipeza. Phiri la Macholo, lomwe ndi lalitali kuposa onse pachilumbachi, silikwereka panjinga. Umaisiya pansi n'kukwera wapansi pakati pa miyala. Pamwamba mapu amaoneka ndi maso. Kummawa, pafupi kwambiri, kuli mapiri a Mozambique ndi Cobué. Kumadzulo kuli Chizumulu, ndipo Malawi weniweni ali kutali kuseri kwa madzi. Zilumba ziwirizi zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Pamene Britain ndi Portugal ankagawana malire mu 1891, gombe lakummawali linapita kwa Apwitikizi, koma zilumba zinatsalira Angerezi chifukwa cha mishoni ija. Kunena mosapsatira, anthu oposa 14,000 amene kalembera wa 2018 anawapeza m'boma la Likoma ndi Amalawi lero chifukwa cha zimene zinayambira pa Chipyela. Abale awo a chinenero chimodzi, oti bwato limawafikira, ali ndi mbendera ina.

Potsika, ndikukankha njinga pa kachitunda kena, thukuta lili kamukamu, ndinayamba kuganiza za miyala. Ine ndinali ndi botolo la madzi ndi foni basi, koma mawondo ankanjenjemera. Miyala ya tchalitchi chija inaswedwa pachilumba pompano. Zina zinabwera pamadzi, kuchokera kumtunda ndi ku England, n'kutsitsidwa pagombe. Galimoto kunalibe. Ndiye kuti mwala uliwonse, thabwa lililonse, zinakwera mtunda wa Chipyela pamutu kapena paphewa la munthu. Anthu amenewo anali azigogo a ana omwe ankandithamangira aja. Trower timamudziwa, George timamudziwa. Nanga iwo? M'mawa uja ndinamva mayina ambiri, koma la wosenza miyala sindinalimve ngakhale limodzi.

Ndipo pansi pawo pali gulu lina losatchulidwa: otenthedwa aja. Nkhani ya Chipyela timakonda kuikamba ngati yatha bwino, kuti panali mdima, kenako panamangidwa tchalitchi, basi. Koma amene anapsa pamalopo anali amayi ake a winawake, agogo ake a winawake, ndipo amene anasonkha motowo sanali alendo. Anali anansi, ogwidwa ndi mantha chifukwa cha imfa kapena matenda amene sankawamvetsa. Chikumbutso chawo chokha ndi dzina la malowo.

Chaka chomwe tchalitchichi chinapatulidwa, 1911, ndi chomwenso boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi kumwetsa mwabvi. Patadutsa zaka zoposa 100, mu January 2016, ku Neno anthu anapha agogo anayi powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Ndipo inu ndi ine tikudziwa mmene zimayendera masiku ano: kanema wa gogo akumenyedwa amafika pa WhatsApp, timaonera, ena timatumiza kwa anzathu, n'kupitiriza kudya nsima. Moto wa pa Chipyela unazimitsidwa pamalo amodzi, koma mbaula zake tikadali nazo m'midzi mwathu. Ife achinyamata, amene timanyadira madigiri ndi intaneti, nthawi zambiri ndife timakhala kutsogolo ndi miyala m'manja.

Sindikunena kuti musapite kukagoma ndi tchalitchicho. Pitani, n'chokongola zedi, ndipo kwaya ya Lamulungu m'mawa imakugwira mtima ngakhale uli wa mpingo wina. Kwerani Ilala, sitima yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, mubwereke njinga, muzungulire kumpoto ndi kummwera. Koma mukafika pa Chipyela, musanatulutse foni, funsani mafunso awiri amene ine ndinachedwa kufunsa: anasenza miyalayi ndani, nanga anapsa pano ndani? Ngati kwanu ndi ku Likoma ndipo agogo anu akadali moyo, akhazikeni pansi, muwajambule mawu. Mwina dzina limodzi likadalipo m'mutu mwa munthu.

Njinga ndinabweza kutada. Achimwene aja anayang'ana tayala lakutsogolo, anayang'ana ine, n'kufunsa ngati chilumba chikadali chaching'ono. Ndinawauza kuti mawa andibwerekenso, chifukwa njira ya ku Ulisa sindinaigwire.