Nyanja kapena Joni: Mbiri ya Ntchito ku Nkopola

Kukamacha ku Nkopola anthu amitundu itatu amadutsana. Alovi akukocheza atachezera ndi chilimira, maso ali psuu. Ena avala yunifolomu, akulowa pageti la Sunbird Nkopola kukayala mabedi ndi kukazinga chambo cha alendo. Kumsewu wochokera ku Monkey Bay kwaima mnyamata ndi chikwama. Minibasi akudikirayo ndi ya ku Mangochi boma, koma ulendo wake ukathera ku Joni.

Ulendo umenewu sunayambe lero. Mu 1891 Harry Johnston anamanga linga la Fort Johnston m'mbali mwa Shire, pafupi ndi kwa Mponda, kuti atseke njira ya akapolo. Pofika 1895 mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Jalasi anali atagonja. Malonda akale atafa, kunabwera msonkho wa nyumba, ndipo msonkho umafuna ndalama. Amuna anasanduka amtengatenga, ena odula nkhuni zoyendetsera sitima zapanyanja, ena analowa usilikali. Koma malipiro akuno anali ongonyambita, choncho maso anayang'ana kummwera, kumigodi ya Southern Rhodesia ndi Johannesburg.

Mu 1935 komiti imene boma la atsamunda linakhazikitsa inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a Nyasaland anali kunja. Amene sanabwererenso anatchedwa matchona. Ambiri ankapita okha, wapansi, koma ena ankalembedwa ndi Wenela, yotengera anthu kumigodi ya golide, kapena Mthandizi, yowatengera ku Rhodesia. Ntchito yapansi pa nthaka inali yakalavulagaga: fumbi linkadya mapapo, miyala inkaphwanya anthu. Komabe munthu wa Wenela anali ndi pepala. Kontirakiti inkanena miyezi yogwira, ndipo gawo lina la malipiro ankalandirira kuno kumudzi. N'chifukwa chake wobwera ku Joni ankatsika ndi sutikesi, wailesi ndi makina osokera, ndipo ena a kunyanja kuno ankagula ukonde.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu, ndipo Amalawi oposa 100,000 amene anali kumigodi anayamba kubwerera. Mu 1977 khomo linatsegukanso pang'ono, Wenela itasanduka Theba, koma mu 1988 linatsekekeratu maboma a Malawi ndi South Africa atasemphana pa nkhani yoyeza HIV.

Obwererawo anayang'ana kunyanja. Usodzi wamakampani m'dera lino unayamba ndi Agiriki a banja la Yiannakis, ndipo mu 1968 unapita m'manja mwa Maldeco, yomwe ili pafupi ndi Nkopola. Koma kampani ndi mahotela zimalemba anthu owerengeka. Unyinji umathera kudooko, kumene mwini zida ndiye bwana. Mlovi alibe malipiro apamwezi. Usipa ukagulitsidwa, amayamba achotsa za mafuta a injini, mwini zida n'kutenga gawo lake, zotsalazo ndiye alovi n'kugawana. Mwera ukakuntha mu Juni ndi Julaye, maboti ali pamtunda ndipo m'thumba mulibe kanthu. Chambo chitatha m'nyanja ya Malombe kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, zinaoneka kuti nyanjanso imatopa.

Nthawi yomweyo tsankho linatha ku South Africa mu 1994, ndipo njira ya Joni inatsegukanso, koma popanda Theba. Lero munthu amagulitsa mbuzi kapena kukongola, n'kulipira thiransipota womudutsitsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Akafika ku South Africa sakumbanso golide. Amasoka zovala ku Durban, amagulitsa m'shopu za amwenye ku Johannesburg, amasamala maluwa m'mayadi. Masiku a m'pasipoti akatha amagwira mozemba apolisi, ndipo bwana akam'mana malipiro alibe kokadandaula. Mu 2015, alendo atayamba kuchitidwa chipongwe ku Durban, boma linatumiza mabasi kukatenga anthu ake, ndipo ambiri mwa otsika anali a ku Mangochi. Sipanapite nthawi, ena anali atabwereranso, pakuti nyumba zamalata zimene zadzaza m'midzi muno zambiri n'za ndalama za rand.

Akuluakulu ena a Theba akusungabe mapepala awo m'jumbo, akudikira ndalama zawo zotsalira kumigodi. Adikira zaka zambiri, ena atsikira kulichete asanazione, komabe ali nacho chosonyeza kuti anagwira ntchito. Mdzukulu wawo uja ali pamsewu ali ndi pasipoti ndi nambala ya foni ya amalume ake a ku Joni. Tsiku limene adzafune kuwerengera thukuta lake, adzatulutsa chiyani?