Nthambi Zambiri, Tsinde Limodzi: Mbiri ya Kampani ya Press

Makolo athu adati mutu umodzi susenza denga. Mbiri ya kampani ya Press itithandiza kuona pamene mwambiwu umagwira ntchito pa zamalonda, ndi pamene umaperewera.

M'chaka cha 1961 Dr. H. Kamuzu Banda adakhazikitsa kampani yosindikiza nyuzipepala ya Malawi News. Pofika 1969 kampaniyo idakula nkukhala Press Holdings, tsinde lomwe lidaphuka nthambi zambiri: minda ya fodya ya General Farming ndi Press Farming, masitolo a PTC, nyumba zophikira buledi, ndiponso magawo m'mabanki aŵiri, National Bank ndi Commercial Bank. Cholinga chidali chakuti nthambi iliyonse idzithandiza inzake. Banki idzikongoza ndalama, munda udzilima, galimoto idzinyamula, sitolo idzigulitsa, phindu lonse libwerere kutsinde.

Koma mgwirizanowu udali ndi mbali yake yoopsya. Pakuti wokongoza ndi wokongola adali a banja limodzi, ngongole zidali kutuluka mosavuta. ADMARC nayonso idaikamo ndalama zimene idapeza pogula mbeu za alimi akumudzi pa mtengo wotsika. Cha m'ma 1979 ndi 1980 fodya adaleka kupindulitsa, mafuta adakwera mtengo, ndipo pambuyo pake nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira za ku Beira ndi Nacala. Press idalephera kubweza ngongole, mabanki aja nawonso adagwedezeka. Matenda a nthambi imodzi adafalikira mtengo wonse. Boma lidasenza ngongolezo, ndipo mu 1984 padabadwa Press Corporation, yomwe idayamba kugulitsa magawo ake kwa anthu wamba mu 1998.

Tsono tiyeni tipite ku Dwangwa. Kumeneko mu 1982 kudatsegulidwa fakitale ya ETHCO, imene Press idadzakhala nayo gawo lalikulu. Madzi akuda okhathamira otsala pophika shuga ku fakitale yoyandikana nayo adayamba kusandutsidwa mafuta osakaniza ndi petulo. Chotsala cha mmodzi chidakhala chuma cha mnzake, ndipo dziko lidachepetsako mafuta ogula kunja.

Kusiyana kwake nkumeneku, omvera. Nthambi zikamagaŵana katundu, luso ndi msika, zonse zimalimba. Zikamangogaŵana thumba la ndalama, popanda wofunsa ngati nthambi iliyonse ikudziimira payokha, yofooka imagwetsa yamphamvu.