Mapanga a ku Ninh Binh ndi Tchalitchi cha Phat Diem

Munthu wochoka mu mzinda wa Hanoi ku Vietnam kuloŵera kumwera, akayenda makilomita pafupifupi 90 amafika ku Ninh Binh, kumene mapiri amaima pakati pa minda ya mpunga, lililonse palokha ngati chulu chachikulu. Mwala wake ndi wa laimu. Madzi a mvula, posakanikirana ndi mpweya wa carbon dioxide, amasanduka asidi wofooka amene amadya mwalawo pang'onopang'ono, naboola njira m'kati mwa phiri. Akatswiri amatcha dziko lotere karst. Pa mtsinje wa Ngo Dong mlendo amakwera bwato laling'ono, limene eni ake ambiri amapalasa ndi mapazi, nadutsa mu mdima pansi pa phiri katatu. N'chifukwa chake malowo amatchedwa Tam Coc, ndiye kuti mapanga atatu.

Mapanga a m'dera limeneli akhala ndi anthu kuyambira kalekale. Ofukula zakale apeza kuti anthu ankakhalamo zaka zoposa 30,000 zapitazo, ndipo m'chaka cha 2014 bungwe la UNESCO linaika dera la Trang An pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. M'chaka cha 968 Dinh Bo Linh, atagonjetsa mafumu opikisana naye, anakhazika likulu lake ku Hoa Lu, poona kuti mapiri ndiwo linga limene mdani sangaligumule. Le Hoan, amene anatenga ufumu pambuyo pake, anathamangitsa asilikali a ku China m'chaka cha 981. Likulu litasamutsidwira ku Thang Long, Hanoi wa lero, m'chaka cha 1010, nyumba zachifumu zinagwa, koma pa malopo paima akachisi aŵiri okumbukira mafumuwo, ndipo anthu amafukizamo lubani kufikira lero. Chapafupi pali kachisi wa Abuda wa Bich Dong, womangidwa m'magawo atatu mokwera phiri. Gawo lapakati limaloŵa m'phanga, kotero kuti wopembedza amadzera mu mdima asanatulukire pamwamba poŵala. Kwa anthu a kumeneko phanga ndi malo okumanirana ndi zosaoneka.

M'dziko lotere ndimo munafika Mthenga Wabwino. Bambo Alexandre de Rhodes, wa chipani cha Ajezuiti, anakocheza pa gombe la Thanh Hoa, kumwera kwa Ninh Binh, m'chaka cha 1627. M'chaka cha 1659 ofesi ya Propaganda Fide ku Roma inalangiza maepiskopi opita kum'maŵa kuti asasenze France, Spain kapena Italy kupita nazo kwa anthuwo, koma chikhulupiriro chokha, ndipo asathetse miyambo imene sitsutsana nacho. Malangizoŵa sanatsatidwe kwenikweni. Mafumu Minh Mang ndi Tu Duc anaona Chikhristu ngati chipembedzo cha alendo, nazunza Akhristu koopsa. Ena mwa ophedwa m'mazunzo a m'dzikomo ndiwo amaritiri 117 amene Papa Yohane Paulo II anawaika m'gulu la oyera m'chaka cha 1988.

Wansembe wa Chivietnam, Bambo Tran Luc, amene anabadwa m'chaka cha 1825 nalaŵa yekha ukaidi m'mazunzowo, anayankha mlandu wa chilendowu ndi miyala. Kuyambira 1875 mpaka chakumapeto kwa moyo wake mu 1899 anamanga tchalitchi cha Phat Diem, kufupi ndi nyanja, pa dothi lofeŵa limene panalibe phiri ngakhale limodzi. Akhristu anakhomera nsungwi zambirimbiri pansi kuti maziko alimbe, nabweretsa pa madzi miyala ndi mitengo yolimba yochokera kutali. Madenga anawapinda m'makona monga akachisi a kwawo. Kutsogolo anakumba dziŵe, naimika nyumba ya belu ya miyala yofanana ndi bwalo la m'mudzi. Kachalichi kakang'ono ka Mtima Woyera wa Maria anakamanga ndi mwala wokhawokha, kuyambira mizati mpaka mitanda ya denga. Koposa zonse, anaunjika miyala napanga mapiri ang'onoang'ono atatu okhala ndi mapanga, amene lero amakumbutsa Betelehemu, Kalvario ndi Lourdes.

Apa mpofunika kulingalira bwino. Bambo Tran Luc sanabwereke phanga kwa Abuda ngati chokometsera chabe, pakuti nalonso Eklezia lili ndi mapanga ake. Mwambo wakale umati Ambuye anabadwira m'phanga, anaikidwa m'manda osemedwa m'thanthwe, ndipo phanga la Massabielle ku Lourdes, kumene Maria Virgo anaonekera kwa Bernadette Woyera mu 1858, nalonso ndi la mwala wa laimu. Iye anapeza chinthu chimene anthu ake ankachilemekeza kale, nasonyeza kuti m'menemo Khristu si mlendo. Si chinthu chodabwitsa tsono kuti episkopi woyamba wa Chivietnam, Ambuye Nguyen Ba Tong, amene anadzozedwa ndi Papa Pius XI mu 1933, anatumizidwa ku Phat Diem.

Komabe mbiri siibisa chilema. Wansembe yemweyo anathandiza Afalansa pamene ankagonjetsa dzikolo, nalandira mendulo yawo, ndipo anthu ambiri a ku Vietnam samuyamikira pa chimenecho. Denga lopindika silinathe kufafaniza chikayiko chakuti Akhristu ali mbali ya atsamunda. Kuzika chikhulupiriro m'chikhalidwe sikuthera pa mamangidwe. Kumafunsanso kuti Eklezia laima ndi yani anthu ake akamaponderezedwa.

Ifenso tili ndi mapanga athu. Ku Chongoni, m'mapiri a Dedza, makolo anajambula pa matanthwe zizindikiro za chinamwali, ndipo ku Mua, kuyambira 1976, malo a KuNgoni akhala akuyesa kulankhula za Khristu m'zosema ndi zojambula za Acheŵa, Angoni ndi Ayao. Wophunzira za unsembe ayenera kuloŵa m'malo otere mwaulemu, nafunsa mafunso aŵiri amene Phat Diem atisiyira: kodi anthu aŵa ankafuna chiyani muno ife tisanafike, ndipo pa tsiku la mavuto adzatipeza tili mbali iti?