Chuma cha Nkhalamba ku Phalula, Kale ndi Lero

Makolo athu a ku Phalula sanali kulemba za chuma chao. Nkhalamba inali kudalira mbumba yake. Ikafooka, ana aakazi ndi akamwini anali kuilimira munda, ndipo mwini mbumba anali kuona kuti isagone ndi njala. Mwamuna akamwalira, mbuzi ndi mfuti zake zinali kupita kwa abale ake ndi ana a mlongo wake. Mkazi sanali kutaya zambiri, pakuti munda ndi mudzi zinali za kwao.

Tsono ndalama za thonje ndi za ku Wenela zinamanga masitolo ndi nyumba za malata m'mbali mwa msewu wa ku Blantyre. Apo achibale anayamba kusesa zonse, amasiye natsala ndi mphasa yokha. Boma linaika lamulo la chuma cha masiye m'chaka cha 1967, koma kulanda sikunaleke. Lamulo la 2011 linatsindika kuti kulandako ndi mlandu, ndipo linaika mkazi ndi ana patsogolo.

Wilo imalembedwa papepala, mwini wake nasaina pamaso pa mboni ziwiri. Ine ndaona akulu ambiri akuopa pepalali, ati nkudziitanira imfa. Komatu omwewo amaloza okha mbuzi yodzaphedwa pamaliro ao.