Zomwe makina a ku Gulupu anaona m'mitu ya ana athu

Mng'ono wanga anadwala malungo aakulu ali ndi zaka 6. Tinali kwathu, m'mudzi wina kufupi ndi Kachebere ku Mchinji, kumene ukangoyenda pang'ono wafika kale m'Zambia. Anakomoka madzulo, amalume anamuthamangitsira kuchipatala, ndipo anagona masiku atatu osazindikira munthu. Tsiku lachinayi anatsegula maso n'kupempha phala. Tonse tinati wachira, amayi anapha nkhuku.

Patatha chaka zinthu zinayamba kuoneka zachilendo. Mwana amene ankawerenga manambala asanayambe sukulu anabwereza Sitandade 2 kawiri. Ukamutuma mchere ndi machesi pa okala, ankabwera ndi chimodzi, china ataiwala. Aphunzitsi anaitanitsa amayi n'kuwauza kuti, "Mayi, mwana wanuyu ndi waulesi, komanso samva." Amayi anayankha kuti, "Aphunzitsi, mwanayu sanali chonchi asanadwale." Palibe amene anawamvera, ngakhale ife a m'nyumba momwemo.

Ine ndimaphunzira mbiri yakale, za udokotala sindizidziwa. Koma chaka chino ndinawerenga mbiri ya matenda ena amene ambiri kuno sitinawamvepo, otchedwa multiple sclerosis kapena MS mwachidule, ndipo nkhaniyo inandibwezera kwa mng'ono wanga. Ndi mbiri ya momwe odwala ankadandaulira za kuiwalaiwala, anthu osawakhulupirira, mpaka makina atayamba kujambula ubongo wa munthu wamoyo.

Mitsempha ya muubongo ndi mumsana ili ndi chikuto, monga pulasitiki yokuta waya wa magetsi. Pa matenda a MS chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kuyamba kuwononga chikutocho, ndipo pamalo powonongekapo pamatsala zipsera. Uthenga wochokera ku ubongo umayenda mochedwa kapena umaduka kumene. Munthu amafooka miyendo, amaona mwachimbuuzi, amanjenjemera. Amene anawafotokoza bwino koyamba ndi Jean-Martin Charcot, dokotala wa pachipatala cha Salpêtrière ku Paris, m'chaka cha 1868. Charcot anaonanso kuti odwala ena ankaiwala zinthu ndiponso ankachedwa kuganiza. Koma zipserazo ankaziona pokhapokha wodwala atamwalira, ubongo wake utang'ambidwa. Kwa zaka zoposa 100 madokotala ambiri analimbikira za miyendo ndi maso, zomwe aliyense amaziona, ndipo za kuiwala ankazitenga ngati vuto la odwala owerengeka okha.

Zinasintha makina a MRI atabwera. Makinawa sagwiritsa ntchito X-ray. Amagwiritsa ntchito maginito amphamvu ndi mafunde a wailesi, ndipo amasiyanitsa bwino mbali zofewa za thupi potengera madzi omwe ali m'menemo. Mu 1981 Ian Young ndi anzake, pogwira ntchito ndi chipatala cha Hammersmith ku London, anajambula ubongo wa odwala MS ndipo anapeza zipsera zambiri zomwe makina akale a CT sankazionetsa. Mu 1991 Stephen Rao wa ku America anayesa odwala 100 pa za kukumbukira ndi kuganiza, ndipo 43 anapezeka ndi vuto. Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti kuchuluka kwa zipsera pakokha sikulongosola zonse. Kufota kwa ubongo, makamaka kachigawo kam'kati kotchedwa thalamus, kumayenderana kwambiri ndi kuchedwa kuganiza. Wodwala amene ankati "mutu wanga sukugwira ngati kale" tsopano anali ndi chithunzi chomuikira umboni.

Nanga kuno ku Africa? Mu 1967 Geoffrey Dean anasindikiza kafukufuku wa MS ku South Africa. Anapeza kuti matendawa anali ochuluka pakati pa azungu obadwira ku Ulaya, ocheperapo pakati pa azungu obadwira komweko, ndipo pakati pa anthu akuda sanawapeze. Kwa nthawi yaitali ophunzira udokotala ankauzidwa kuti awa si matenda a munthu wakuda wa ku Africa. Mu 1994 Dean yemweyo, pamodzi ndi Ahmed Bhigjee ndi ena, analemba za odwala akuda ochepa a ku South Africa ndi Zimbabwe amene anali ndi MS. N'zoona kuti matendawa ndi osowa m'madera otentha poyerekeza ndi kumpoto kwa Ulaya. Koma kumbukirani kuti kuyambira 2001 malamulo odziwira MS, otchedwa McDonald, amadalira kwambiri zithunzi za MRI. Dziko lopanda makinawo lingawerenge bwanji odwala ake? Wophunzira mbiri aliyense amadziwa kuti kusowa kwa dzina m'kaundula sikutanthauza kuti munthuyo kunalibe.

Kuno ku Malawi makina a MRI anabwera chifukwa cha malungo, ndipo njira yake ikufanana modabwitsa ndi ya Charcot. Terrie Taylor, dokotala wa ku Michigan State University, anayamba kugwira ntchito ku Blantyre mu 1986. Iye ndi Malcolm Molyneux anayambitsa Blantyre Malaria Project pachipatala cha Queen Elizabeth, chomwe tonse timachitcha Gulupu. Funso lawo linali limodzi: n'chiyani kwenikweni chimapha mwana amene malungo amufika muubongo? Mu 1989 anasindikiza njira yoyezera kuya kwa kukomoka kwa mwana, kuyambira 0 mpaka 5, poyang'ana maso, kulira ndi momwe akusunthira akatsinidwa. Njirayi imatchedwa Blantyre Coma Scale ndipo ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri mpaka lero. Dzina la mzinda wathu lili m'mabuku a udokotala chifukwa cha ana okomoka.

Popeza makina kunalibe, nawonso anayenera kudikira imfa. Kuyambira mu 1996 ankapempha makolo kuti alole matupi a ana awo apimidwe. Tangoganizani mayi amene mwana wake wangotsirizika, akupemphedwa zimenezi maliro asanafike n'kumudzi komwe. Makolo amene anavomera aja satchulidwa mayina m'mabuku, koma popanda iwo nkhaniyi sikanakhalapo. Zotsatira zinatuluka mu 2004: mwa ana 31 amene madokotala ankati afa ndi malungo a muubongo, 7 anali atafa ndi matenda ena. Chomwe chinathandiza kusiyanitsa chinali diso. Susan Lewallen, dokotala wa maso amene ankagwira ntchito m'Malawi muno, anali ataona kale kuti kumbuyo kwa diso la mwana wodwala malungo enieni a muubongo kumaoneka timadontho ta magazi ndi timalo toyera. Diso linakhala zenera loyamba loonera ubongo wa mwana wamoyo.

Makina a MRI, oyamba m'dziko muno, anafika ku Gulupu mu 2008, ndi thandizo la kampani ya General Electric ndi Michigan State University. Zithunzi zake ankaziwerenga ndi Dr Sam Kampondeni, Mmalawi, pamodzi ndi anzake a ku America. Mu 2015 Karl Seydel ndi gululi anasindikiza zomwe anapeza mu New England Journal of Medicine. Anajambula ana 168, ndipo 25 anamwalira. Mwa omwalirawo, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri pofika kuchipatala. Chigaza sichitambasuka, choncho ubongo ukatupa umakankhira pansi n'kupanikiza malo amene amalamulira kupuma, ndipo mwana amasiya kupuma. Mwa ana opulumuka amene anali otupa ubongo, kutupako kunkaphwa patapita masiku ochepa. Apa panabadwa funso latsopano, loti kodi mwana atathandizidwa kupuma ndi makina mpaka kutupako kutaphwa sangapulumuke?

Koma gawo lomwe linandikhudza kwambiri ndi la opulumuka. Gretchen Birbeck ndi anzake anatsatira ana 132 amene anachira malungo a muubongo ku Blantyre, n'kuwayerekeza ndi ana ena, ndipo anasindikiza zotsatira mu 2010. Pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu aliwonse anatsala ndi vuto: ena khunyu, ena kulumala kapena kuvutika kulankhula ndi kuphunzira, ena kusintha khalidwe, kusakhazikika ndi ndewu. Ambiri mwa mavutowa sankaoneka pa tsiku lotuluka m'chipatala. Ankayamba kuonekera patapita miyezi, mwana ali kale kunyumba, aliyense atamaliza kuthokoza kuti wachira. Nditawerenga izi ndinasiya kaye, chifukwa ndinamva mawu a amayi aja.

Sindikunena kuti ndikudziwa zomwe zili m'mutu mwa mng'ono wanga. Sanajambulidwepo. Kuchoka ku Kachebere kufika ku Blantyre ndi ulendo woposa makilomita 400, ndipo palibe amene anatiuzapo kuti pali chifukwa chopitira. Masiku ano kuli makina ang'onoang'ono a MRI okankha pa mateyala, ndipo ena anayesedwa kale ku Gulupu, koma kuti afike pachipatala cha boma lililonse patenga nthawi. Katemera wa malungo, amene Malawi anali woyamba kuyamba kumupereka mu April 2019, ndipo Mchinji inali m'gulu la maboma oyambirira, anabwera iye atakula kale.

Phunziro lomwe ndikutolapo ndi lakuti chithunzi chikajambulidwa kamodzi, chimayankhulira ngakhale amene sanalowe m'makinamo. Odwala MS a ku London anachititsa kuti odwala a kwina akhulupiridwe. Ana a ku Blantyre nawonso anapereka umboni wokwanira ana a ku Mchinji, a ku Chipata ndi a ku Tete. Sitikufunika MRI pasukulu iliyonse kuti mphunzitsi afunse kuti, "Kodi mwanayu anayamba wakomokapo ndi malungo?" Yankho limakhala lolembedwa kale m'kabuku ka kuchipatala kamene amayi athu amasunga m'jumbo pansi pa mphasa. Vuto ndi loti kabukuko sikafika kusukulu, ndipo mwana akatuluka m'chipatala n'kovuta kuti wina amutsatire. Aphunzitsi a ana ovutika kuphunzira amasulidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, koma mwana sangawafikire ngati tonse tagwirizana kale kuti vuto lake ndi ulesi.

Mnzanga wina anandiuza kuti maganizo awa apatsa ana aulesi pobisala. Ndikuvomera kuti si mwana aliyense wolephera mayeso amene anavulala ubongo. Njala, kujomba ndi makalasi a ana oposa 100 zimalepheretsanso ambiri. Koma kufunsa funso sikukhululukira munthu. Kumangosintha chochita: kumuika mwana kutsogolo, kumupatsa malangizo amodziamodzi, kumutumiza kuchipatala akayamba kugwa kapena kungoti duu osayankha. Mkwapulo sunabwezeretsepo ubongo wa munthu.

Ambiri a inu amene mukuwerenga pano mudzakhala aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaumoyo, ndiponso makolo. Mudzakumana naye mwana ameneyu. Mng'ono wanga ali ndi zaka 16 tsopano. Sukulu anasiyira Sitandade 5, ndipo amakonza njinga pamsika. Akagwira tcheni manja ake salakwitsa, koma ndalama za makasitomala amazilemba papepala nthawi yomweyo, chifukwa anadziphunzitsa yekha kuti mutu wake susunga. Holide yapitayi ndinawafotokozera amayi zomwe ndinawerengazi. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Nanga si ndinanena?" n'kubwerera kukasonkhezera moto.